Nsapato Zopanda Phokoso

Uthenga wa mwana wanga unafika Lachitatu, ndili ndi timisomali titatu pakamwa. Ndinatilavulira m'dzanja n'kutsegula foni.

"Bambo, ndibwera Loweruka kudzatenga makina osokera a amayi. Ndidzasiyanso kiyi wanu."

Panalibe moni. Chichokereni pamaliro a mayi ake, chaka ndi miyezi iwiri yapitayo, anali asanapondemo m'nyumba mwanga. Mdzukulu wanga ndinangomuona pachithunzi. Kiyi ameneyo ndinamudulitsira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anapita naye kusukulu, kuntchito, mpaka kubanja. Mwana akabweza kiyi wa kwawo ndiye kuti watsanzika.

Ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi poimira basi. Mbali ina ya khondelo pali wometa amene tonse timamutcha Wailesi, chifukwa sazima. Iye amanditcha Mlaliki. Takhala moyandikana zaka makumi awiri, ndipo amati mawu onse amene ndamuyankhula sangadzaze kabokosi ka machesi.

"Mlaliki, nkhope yalendewera bwanji ngati soli yomatuka? Ndani wakulemberani?"

Ndinamupatsa foni. Anawerenga lumo lili m'manja, munthu amene ankamumetayo mutu uli theka.

"Ndi nkhani ya kuchipatala ija? Akuganizabe kuti simunkapita kukawaona mayi ake?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndiye mumuuze! Ine ndinkakuonani ndi maso angawa mukutseka pano tsiku lililonse dzuwa lisanafike pamutu, anthu akukutukwanani ndi nsapato m'manja. Mundiitane ndidzachitire umboni. Ndivala jekete."

"Ndili ndi khadi," ndinatero.

"Khadi! Mwamva, akulu?" anatero Wailesi, akufunsa wometedwayo. "Mwana akufuna bambo ake, awa akufuna kumupatsa pepala. Inu Mlaliki, pakamwa panupo munamatapo ndi guluu wa mtundu wanji? Mundigaireko ndikamate pa alamu anga."

Wailesi ankadziwa kuti ndinkapita. Zimene ndinkachita ndikafika sankazidziwa.

Akazi anga anadwala shuga zaka zambiri. Chaka chomaliza maso anazima, kenako impso zinatopa, n'kuwagoneka m'chipatala. Alendo ankaloledwa ola limodzi lokha, masana, ndipo mlonda wa pageti ankadinda khadi la aliyense wolowa. Mwana wathu, mmodzi yekhayo, anali ndi pakati povuta mumzinda wakutali, madokotala atamuletsa ulendo. Ankaimba foni tsiku lililonse nthawi ya alendo yomweyo.

Masiku oyamba ndinkalowa n'kupereka moni ngati munthu. "Mwaswera bwanji?" "Mwadya?" Zotsalazo ankayankhula okha, za ine ndi za iwo zomwe. Ndi mmene tinakhalira zaka makumi atatu ndi zinayi: iwo mawu, ine manja. Mpando ukagwedera ndinkaukhoma asanadandaule. Nsapato zawo sizinafikepo pong'ambika. Ndinkati munthu wamaso akuona yekha. Sindinaganize kuti maso akazima, zonsezo zimazima nawo.

Pansi pa wodiyo panali simenti yosalala, ndipo nsapato zanga zinkalira kho, kho, kho kuchokera pakhomo. Tsiku lina ndinawapeza atagona tulo tawo toyamba m'masiku atatu, n'kuwadzutsa ndi zidendene zangazo. Nditabwerera pakhonde ndinachotsa zidendene n'kumata labala wofewa. Ntchito inaoneka bwino. M'mawa mwake ndinkayenda ngati mphaka.

Tsiku lomwelo adokotala anandiimitsa m'njira ya kuwodi. Anati kwatsala masabata, osati miyezi. Anandifunsa ngati ndiwauza ndekha kapena awauze iwo.

"Ndiwauza," ndinatero.

Ndinalowa. Akazi anga anali akufufuza kapu ya madzi pakatebulo ndi dzanja. Ndinaitenga n'kuwagwiritsa.

"Zikomo, anesi," anatero.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine. Ndinatsekanso. Mawu anga ankawadziwa monga ine ndimadziwira chikopa, ndipo ndinadziwa kuti liwu limodzi lokha liwauza zonse za adokotala. Chifukwa chimenecho ndi chimene ndakhala ndikudziuza. Koma panali china, chaching'ono ndi chonyansa. Zinandipweteka kuti patatha zaka zonsezo sanazindikire dzanja langa. Ndinati ndikhale chete, andizindikire okha.

Mayi wa pabedi loyandikana anandiyang'ana, pakamwa atatsegula kale. Ndinapukusa mutu. Anatseka.

Foni inalira. Ndinadina ine ndemwe n'kuiika m'dzanja lawo.

"Ndadzuka, mwanawe, ndadzuka. Iwe mimbayo bwanji? Bambo ako? Sanabwere lero. Kaya ali ku nsapato zawo."

Ndinali nditakhala pampando, mawondo anga akukhudza chitsulo cha bedi. Ndinati mawa ndiyankhula. Mawa litafika zinavuta kuposa, chifukwa ndinafunika kufotokozanso za dzulo. Mkuja zinaposanso. Ndinkafika, kuwamwetsa madzi, kuwasendera lalanje, kuwapaka mafuta kumapazi otupawo.

"Anesi inu, manja anu ngokhakhala ngati a mwamuna," anatero tsiku lina. "Mudzakwatiwa koma?"

Mayi wa pabedi lina uja anabisa nkhope m'bulangete. Inenso ndinatsala pang'ono kuseka. Ndikanaseka, bwenzi zonse zitathera pomwepo. Ndinaluma mlomo.

Tsiku lililonse foni inkalira, ine n'kudina, iwo n'kunena zomwezo. "Sanabwere." "Lero ayinso." "Usadandaule, kuno kuli nesi wina wabwino, koma ndi bububu, sayankhula."

Anatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku lotsatira ndinafika pageti, mlonda osadinda khadi. Anangovula chipewa.

Kumaliro mwana wanga anabwera ndi mimba yakeyo, madokotala asakufuna. Anapatsa moni aliyense. Atafika pa ine anayang'ana nsapato zanga n'kudutsa.

Khadi lija ndinalisunga m'chitini cha ulusi. Linali ndi zidindo makumi anayi ndi chimodzi, popanda tsiku lodumpha. Loweruka m'mawa ndinalitulutsa, kulipukuta, n'kuliika m'thumba la malaya.

Anafika cha m'ma teni, yekha. Sanagogode. Ndinamva kiyi akulimbana ndi loko, kenako phewa likukankha, chifukwa chitseko chathu chimafuna phewa. Anavula nsapato pakhomo monga ankafunira mayi ake.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka. Kaya iwe?"

"Ndadzuka."

"Mwana?"

"Ali bwino. Ali ndi bambo ake."

Analowa kuchipinda. Ndinamumva akukoka tebulo la makina, akutsegula madirowa. Ine ndinatsala pabalaza, maso ali pa nsapato zake. Zinali zakuda, za kuntchito. Ya kumanzere chidendene chinali chitadyeka mbali ya kunja. Amaponda choncho chiyambire. Ali wakhanda ndinkamutcha Kaphazi, ndipo nsapato zake zonse mpaka tsiku la ukwati zinadutsa m'manja mwanga.

Sindinaganize. Ndinangopezeka ndili kuseri kwa nyumba ndi hamala, mpeni ndi kachidutswa ka labala.

Nditabwerera ndinamupeza ataima pakhomo, makina atawakulunga ndi nsalu, phazi limodzi lili m'nsapato.

"Inayo ili kuti?"

Ndinamupatsa. Anaitembenuza, n'kuyang'ana chidendene chatsopanocho.

"Ndinakupemphani?"

"Inadyeka."

"Ndikudziwa kuti inadyeka, ndimaivala ndine." Anaiponya pansi. Anatsegula chikwama, n'kuyamba kuchotsa kiyi pamkombero wa makiyi ake. Anavutika naye, chifukwa anali atakhalapo nthawi yaitali. Atatuluka anamuika patebulo.

Ndinatulutsa khadi n'kuliika pambali pa kiyiyo.

"Ichi n'chiyani?"

"Cha pageti. Kuchipatala. Werenga madeti."

Sanalitole. Analiyang'ana ali chiimire, kenako anandiyang'ana ine, koyamba chichokereni kumaliro.

"Mwakhala chaka chonse mukusunga chimenechi kuti mudzandionetse?"

"Ndinkapita. Tsiku lililonse."

"Ndikudziwa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Ndikudziwa kuti munkapita, bambo. Amayinso ankadziwa. Kuyambira tsiku loyamba lenilenilo."

Ndinafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo n'kukhala.

"Inu mumanunkha guluu. Ngakhale musambe ndi sopo wa mtundu wanji, mumanunkha guluu. Ine ndinakulira m'fungo limenelo. Munthu wogona nanu chipinda chimodzi zaka zonsezo angalisokoneze ndi nesi? Madzulo alendo akapita, mayi wa pabedi lina uja ankawadinira foni, iwo n'kumandiuza zonse. Amati, 'Abwera lero, asenda lalanje, achotsa ndi tiulusi take tomwe. Mawu ayi.'"

"Nanga bwanji ankati sindinabwere?"

"Kuti muyankhe! Kuti mupse mtima, munene kuti, 'Bodza, ndili pano!' Tsiku loyamba lija anati 'anesi' mongocheza, chifukwa munalowa mozemba ngati wakuba. Ankadikira kuti museke. Inu duu. Ndiye anadziwiratu kuti adokotala akuuzani zoipa. Anati, 'Bambo ako akaopa amakhala chete, akakwiya amakhala chete, akakondwa amakhala chete. Koma chete wa lero ndi wa mantha.'"

Anakhala pamkono wa mpando wa mayi ake. Mawu anatsika.

"Za imfa sankaopa kwenikweni. Ankangofuna kumva mawu anu mumdimamo. Ndinawauza kuti, 'Amayi, asiyeni masewerawa, agwireni dzanja muwauze kuti mwawazindikira.' Anakana. Anati, 'Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikuyamba ndine. Kamodzi kokhaka ayambe iwo.' Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ine chitsiru n'kumvera. Ndinkati masiku alipo. Nambala yanu ndinkaitsegula tsiku lililonse n'kuitsekanso."

Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja ngati mwana wasukulu.

"Ndiye musaganize kuti ndimakwiyira inu nokha. Ndikakuonani ndimadziona ndekha. Tonse atatu m'nyumba muno mitu ndi ya mwala."

Ndinayang'ana khadi lija. Zidindo zonse zinali m'mizere yake, zofiirira, zina zopendekeka. Ndinali nditazinyadira chaka chonse. Zomaliza khumi ndi zisanu ndi zinayizo zinali umboni ndithu, koma wondimanga ine.

"Mukudziwa chimene ankandiuza kawirikawiri masiku amenewo?" anafunsa. "Za tsiku limene anabwera ndi masandasi oduka lamba pakhonde lanu, ali mtsikana. Mukukumbuka zimene munanena?"

Sindinakumbuke. Ndinakumbuka masandasiwo. Anali oyera, lamba wa kumanja ataduka pachomangira.

"Munati, 'Ndawasoka, koma osati kolimba kwambiri, kuti mudzabwerenso.'"

Ndinamva kutentha kumaso.

"Ameneyo ndi inu, bambo, Mlaliki yemweyu. Amayi anawasunga mawu amenewo zaka zonsezo. Mukawakhumudwitsa ankawatulutsa. Ine nditabadwa, inu mutangoima pakhomo la wodi osanena kanthu, anawatulutsa. Kuchipatala kuja ankawanena n'kumaseka okha. Masandasiwo anatha ine ndisanabadwe. Mipando imene munkakhoma ija ina tinasonkhera moto. Koma timawu timeneto anapita nato." Anaimirira. "Anati, 'Tangoganiza akanandipatsa kawiri.'"

Anavala nsapato ija. Anaponda kawiri kuyesa chidendene, mosadziwa kuti akutero. Ananyamula makina ndi manja awiri.

"Amayi anali ndi awo amodzi. Ine ndafufuza, bambo. Ndili m'chipatala ndi mwana wanga m'manja ndinafufuza kuti bambo anga anandiuzapo chiyani choti ndidzamuuze uyu. Ndinapeza 'Wadya?' ndi 'Bweretsa nsapatoyo.' Nditsegulireni chitseko."

Ndinaimirira. Ndinagwira chitseko. Ndikanatha kumulanda makinawo n'kumunyamulira mpaka pabasi, ndipo manja anga ankafuna zimenezo. Zinali chimodzimodzi ngati tsiku la kapu ya madzi lija. Ndinamva mumtima mawu omwe aja akuti mawa. Mawa ndimuimbira. Mawa ndimulembera.

Sindinatsegule.

"Kaphazi."

Anaima. Dzina limenelo ndinasiya kumutchula ali sitandade wani.

"Basi ikaima paja," ndinatero, "ine sindiyang'ana nkhope. Ndimayang'ana mapazi a otsika. Chaka chonsechi. Ndimafuna phazi loponda cha kunja."

Mawu anatuluka okhakhala ngati a munthu wodzuka kumene. Iye sanandithandize. Anangoima, makina ali pamimba.

"Usasiye kiyi. Nyumba ino ilibe mawu. Ndimakusowa." Ndinagwira chitseko molimba. "Ndimakukonda, mwana wanga. Chibadwire. Ndinayeza phazi lako ndi chala changa ichi, linali lofupikirapo."

Anaika makina pansi pang'onopang'ono.

"Amayi akonso ndinkawakonda. Ndinawalakwira. Ndinali pampando pomwepo."

"A amayiwo mwachedwa nawo."

"Eya."

"Mwachedwa nawo kwambiri, bambo."

"Eya."

Analira ataima, osandikhudza. Inenso sindinamukhudze, sitinazolowere. Ndinangoima ndi dzanja pachitseko mpaka anamaliza. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa foni.

"Nenaninso."

"Chiyani?"

"Zonse. Ndijambule. Ndikukudziwani inu, ena ndidzadikira zaka makumi atatu. Ndipo mwamuna wanga sakhulupirira."

Ndinanenanso, foni ili pafupi ndi pakamwa panga. Kachiwiri kanavuta kuposa koyamba, ndipo za chala zija ndinaziiwala. Anandikumbutsa.

Makina ndinamunyamulira mpaka poimira basi. Sanakane. M'njira sitinanene zambiri. Wailesi anationa tikudutsa, anakweza lumo m'mwamba, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anazima.

Basi isananyamuke anatulutsa mutu pawindo.

"Ndiimba Lachitatu masana. Mukangoti 'eya, eya' ndidula."

"Eya," ndinatero. Anapukusa mutu, koma anaseka pang'ono.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza khadi lili lokha patebulo. Kiyi panalibe. Sindinamuone akumutenga, ndipo sananene. Ameneyo ndi mwana wanga ndithu.

Khadilo sindinalitaye. Ndinalibwezera m'chitini cha ulusi, ndipo ndimaliona nthawi zonse ndikafuna ulusi wakuda. Mawu a akazi anga aja ndimawanena m'mawa ndikamamanga nsapato, moyang'ana mpando wawo. Amatuluka mosavuta tsopano, poti palibe wowamva. Akanandipempha tsiku lina lililonse mwa masiku aja kuti ndiyende wapansi mpaka kumzinda wa mwana wathu, ndikanayenda. Iwo ankangofuna kuti nditi ndili pano.

Lachitatu ndinakhala pakhonde kuyambira m'mawa ndikusanja zoti ndinene. Ndinali ndi zitatu: kufunsa ngati mdzukulu wayamba kuyenda, kunena za loko amene akufuna mafuta, ndi kufotokoza za masandasi oyera aja, kuti lamba wake ndinamusokadi ndi ulusi umodzi m'malo mwa iwiri.

Foni inalira ndili ndi timisomali pakamwa.

"Mlaliki!" anakuwa Wailesi. "Mpingo wafika. Lavulani zimenezo!"

Ndinalavula, n'kudina. Sindinadikire kuti ayambe iye.